Tinapita ku Cuamba ndi Mbuzi Yamoyo

Tinanyamuka kwathu ku Ngauma dzuwa litangotuluka, anthu awiri ndi mbuzi imodzi. Ine ndinanyamula chikwama cha zovala ndi buku langa lomatidwa bwino, bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi, ndipo mbuzi inalibe katundu aliyense koma ndi imene inkadandaula kuposa tonse. Tinkapita ku Cuamba, kumene m'mawa mwake ndinkayenera kukaima pamaso pa aphunzitsi atatu a pa yunivesite n'kuteteza zimene ndinalemba. Tsiku limeneli ophunzira timalitcha defeza. Ukapambana, ndiye kuti zaka zinayi za sosiyolojiya zatha, digiri ndi yako, ndipo anthu amayamba kukuitana kuti dotola ngakhale sudziwa kubaya jakisoni. Ukatuluka m'chipindamo umadyetsa anzako. Ena amangogula mabisiketi ndi zakumwa, koma bambo anga ananena kuti mwana wawo sangadyetse anthu mabisiketi.

Ndiyambe ndanena chimene chinkandisowetsa mtendere, chifukwa sanali mafunso a aphunzitsi. Buku langa linali lonena za mpeni. Kwathu Akhristu ndi Asilamu timakhala moyandikana, ndipo pakhomo pa Mkhristu pakakhala ukwati, maliro kapena Khirisimasi, mwini nyumba sazinga yekha chiweto. Amaitana mnansi wake wachisilamu kuti adzazinge mwa mwambo wawo, n'cholinga choti aliyense wobwera adye osafunsa. Wozingayo amapatsidwa khosi. Banja lililonse lili ndi wozinga wake ndipo sasinthidwa wamba. Ndinazungulira midzi pa njinga ndikufunsa anthu za zimenezi, ndipo ndinalemba mosaopa kuti mwambo umenewu umagwirizanitsa anthu a kwathu kuposa misonkhano ya akuluakulu. Chitsanzo changa chachikulu chinali cha pakhomo pathu pomwe: bambo anga, mlimi wa fodya, ndi Che Amidu, mnansi wathu wokonza njinga. Che Amidu ndi amene anazinga mbuzi ya ukwati wa makolo anga. Ndi iwonso amene ankanditenga pa njinga yawo kupita kukalemba mayeso ndili wamng'ono.

Ndiye Khirisimasi yapitayo, ine nditalemba kale zokoma zonsezi, Che Amidu anachedwa kubwera chifukwa anali kumaliro. Bambo sapirira kuona alendo akuyasamula ndi njala. Anaimitsa Msilamu wina wogulitsa nsomba amene ankadutsa, n'kumuzingitsa mbuzi. Che Amidu anafika mpeni uli m'manja, anapeza nyama ikuwira, ndipo anabwerera osakhala pansi. Pa Idi, chikondwerero cha Asilamu, mbale ya nyama imene inkabwera kwathu chaka ndi chaka sinabwere. Kuyambira pamenepo amuna awiri akuluakulu, a imvi zawo, ankadutsana panjira aliyense akuyang'ana munda wa mbali yake. Nditafunsa za mbuzi ya ku Cuamba, bambo anandiyankha kuti, "Ndikazinga ndekha. Manja ndili nawo."

Akanatero, theka la anzanga a m'kalasi silikanakhudza nyamayo, kuphatikizapo Mana Fatima (mana ndiko kuti achemwali), mnzanga wachisilamu amene tinkakachitira phwando kunyumba kwake. Ndipo ine ndikananena m'mawa pamaso pa aphunzitsi chinthu chimene bambo anga enieni akanachiphwasula masana. Zinkandiwawa, ndipo ndinali nditakwiya nawo onse awiri.

Mayi sanatiperekeze patali chifukwa cha bondo lawo. Ananditsina pang'ono pamkono n'kunena kuti, "Uyende bwino, mwanangu. Ku Mandimba ukatsegule maso." Ndinaganiza kuti akunena za akuba.

Kuchoka kumudzi kufika pamsewu wa tala tinakwera kabaza, mametikali 50 aliyense. Woyendetsa njinga yachitatu anayang'ana mbuzi, n'kuyang'ana bambo.

"Iyi ilipira ngati munthu, bambo."

"Munthu wanji wogona pakaliyala?"

"Munthu amakhala phee. Iyi imenya mateche."

Anagwirizana pa 40. Anaiyalira thumba, anaimanga miyendo, ndipo inayenda patsogolo pathu ikulengeza kumudzi uliwonse kuti tikudutsa. Inali nyengo imene mango achita maluwa, fodya atagulitsidwa kale, zigafa zili pululu. Akazi amene ankapita kudimba ankaima n'kufuula kuti, "Dotola, mukatibweretsere pepalalo tidzalione!" Bambo ndi amene ankayankha ndi dzanja, ngati kuti ndi iwo akukalemba.

Pamsewu sitinadikire kwambiri. Inabwera shapa yochokera ku Lichinga, kaminibasi koyera kodzaza kale ndi anthu, koma kondakitala anati malo alipo, ndipo malo anapezekadi pamene aliyense anapuma mpweya wochepa. Tinalipira 150 aliyense mpaka ku Mandimba. Mbuzi anailowetsa kumbuyo pakati pa matumba a nyemba, mutu wake uli pafupi ndi khutu la bambo wina wovala chipewa chachikopa. Bamboyo ndi amene anayamba kufunsa za ulendo wathu, mwina pofuna kudziwa chifukwa chimene akuvutikira.

"Mwana wanga akukamaliza yunivesite," anatero bambo anga mokweza kuti mpaka dalaivala amve.

"Waphunzira chiyani? Unamwino?"

"Sosiyolojiya."

"Ndiye chiyani chimenecho?"

Bambo anandiyang'ana, koma ndinawasiya dala. Zaka zinayi ndakhala ndikuwafotokozera, ndinkafuna ndimve zimene anatolapo.

"Amafufuza mmene anthu amakhalira," anatero. "Amalowa m'makomo, kufunsa kuti uyu anakwatira ndani, awa amadya ndi ndani, uja anayambana ndi ndani."

"Aa, si ntchito ya amayi a pachitsime imeneyo?"

"Yomweyo. Koma iyi ili ndi satifiketi."

Shapa yonse inaseka, inenso ndinaseka. Sindinatsutse, chifukwa aphunzitsi athu ena anafotokozapo zomwezo ndi mawu aatali kwambiri.

Tinafika ku Mandimba dzuwa litakwera. Amene simunafikeko, dziwani kuti Mandimba ndi tauni ya anthu othamanga. Malire a Malawi ali pafupi, choncho njinga zimadutsa zitasenza shuga, sopo, mapoto ndi matumba otalika kuposa woyendetsa. Osintha ndalama amakutsata akupukusa makwacha ndi mametikali, ndipo munthu mmodzi yemweyo amakupatsa moni m'Chiyao, kukuuza mtengo m'Chipwitikizi, n'kukutukwana m'Chinyanja ukakana. Ndinagwira chikwama changa mwamphamvu pokumbukira mawu a mayi. Tinamanga mbuzi pamtengo pafupi ndi pokwerera shapa za ku Cuamba, ndipo ndinapita kukagula tiyi, pau awiri, timabuledi ta kuno, ndi badjiya zotentha, tizitumbuwa ta nyemba toika m'katimo.

Pobwerera ndi pamene ndinaona chimene mayi ankanena. Pabenchi la pokwerera panali patakhala Che Amidu, atavala mkanjo woyera ndi kofiya yatsopano, kachikwama kakuda kali pamiyendo. Bambo anali ataima kumbali, akuwerenga mwachidwi chikwangwani cha malo ometera tsitsi.

Ndinagwada pang'ono n'kuwapatsa moni. "Mwadzuka bwanji, bambo? Ulendo wa kuti?"

"Ku Cuamba, mwanangu. Ndikukagula malimu a njinga."

Kumbuyo kwawo kwenikweni kunali sitolo ya zipangizo za njinga, malimu atapachikidwa pakhomo akuwala ndi dzuwa. Anaona kuti ndawaona.

"A kunowa ndi ofewa," anatero. "Amapindika msanga."

Ndinawagawira pau wanga ndipo analandira. Bambo anadya wawo ataima, nsana uli kwa ife.

Shapa ya ku Cuamba sinyamuka isanadzaze, ndipo dalaivala amangoliza injini kuti mtima wako ukhale m'malo. Tinalipira 400 aliyense, mbuzi 100, ndipo ulendo uno anaikweza padenga pamodzi ndi matilesi ndi mitolo ya makapulana, zitenje za kuno. Kondakitala sadziwa za milandu ya anthu. Anatiyang'ana atatufe, anaona kuti tikulankhula chilankhulo chimodzi, ndipo anatiika mpando umodzi: bambo pawindo, ine pakati, Che Amidu mbali inayi, kenako mayi wina wonenepa wogulitsa makapulana amene anatseka mzere wonse. Panalibenso kothawira.

Tinatuluka m'Mandimba chakumasana. Msewu wake masiku ano ndi wa tala, wosalala, moti akuluakulu amene anauyenda kale m'matope amaunena ngati nkhani ya nkhondo. Kunkatentha. Che Amidu anandigwira pachigongono.

"Uwauze bambo ako atsegule windo."

Ndinatembenuka. "Bambo, akuti mutsegule windo."

"Uwauze kuti fumbi lindidetsera jekete."

"Akuti fumbi."

"Uwauze kuti pa tala palibe fumbi."

Mayi wa makapulana anasuzumira kuti aone bwino. "Kodi awiriwa ndi ogontha?" anandifunsa m'Chinyanja chake cha Chimakuwa.

"Ayi, mayi. Amamva bwinobwino, koma amamvera mwa ine."

Mayiyo anali wokonda nkhani. Atamva za defeza anafuna kudziwa mmene munthu wa kumudzi amaphunzirira yunivesite. Ndinamuuza kuti pakati pa sabata ndimaphunzitsa ana kusukulu ya pulaimale ya kwathu, ndipo maphunziro anga ambiri ankabwera pafoni. Ndinkawerenga masamba aatali a Chipwitikizi pakagalasi kakang'ono, foni ikathima n'kukaitchajitsa pa sola ya kutchalitchi. Nthawi ya mayeso ndi ya maphunziro a pamaso ndinkakwera shapa yomweyi, kukagona pamphasa kwa Mana Fatima. Chaka choyamba ndinkalira ndi mayina a azungu akale amene analemba za anthu a m'mafakitale a kwawo. Chaka chachitatu mphunzitsi wina anatiuza kuti titseke mabuku, aliyense akayang'ane chinthu chimodzi chimene anthu a kwawo amachita osachiganizira. Ine ndinabwerera kumudzi n'kupeza Che Amidu akunola mpeni pakhomo pathu.

"Ndiye mukamaliza mudzakhala ndani?" anafunsa mayiyo.

"Mwina mphunzitsi yemweyo, malipiro n'kukwera pang'ono. Mwina mabungwe a zachitukuko adzandifuna."

"Bola mudzathe kuyanjanitsa anthu," anatero akuyang'ana uku ndi uku. Onse awiri anayamba kuona zinthu zosangalatsa kunja, ngakhale Che Amidu analibe windo.

Titawoloka mtsinje wa Lugenda shapa inaima pamalo ena pamene ogulitsa amathamangira mawindo. Panali nthochi, mazira owiritsa, chinangwa chootcha, mtedza ndi nsomba zouma. Bambo anatsegula windo tsopano, poti anafuna chinangwa. Anagula zidutswa zitatu. Chimodzi anadya, china anandipatsa, chachitatu anachiika pachikwama changa. Chinakhala pamenepo mpaka chinazizira. Kenako Che Amidu anagula nthochi zitatu kudzera kwa mayi wa makapulana, ndipo yachitatu anaiika pambali pa chinangwacho. Ine ndinakhala ngati tebulo. Pamapeto pake mayi uja anafunsa ngati zili ndi mwini, ndipo anadya zonse ziwiri.

Titadutsa Mississi tinapeza apolisi pamsewu. Zimenezi n'zachizolowezi: amaona mapepala a galimoto, zitupa za okwera, nthawi zina n'kutsegula zikwama. Wapolisi wake anali wachinyamata, waulemu, wolankhula Chipwitikizi chokhachokha poyamba. Anaona buku langa n'kundifunira mafuno abwino. Atafika pa kachikwama ka Che Amidu anatulutsa mkanjo wina wopinda, mswachi, kamwala konolera, kenako chinthu chachitali chokulungidwa m'nsalu. Anamasula. Unali mpeni uja wa chigwiriro cha nyanga, umene ndaudziwa moyo wanga wonse, wonoledwa mpaka kung'anima.

Mtima wanga unadumpha, osati ndi mantha koma ndi chimwemwe. Munthu wokagula malimu sanyamula mpeni wozingira.

Koma wapolisi sankadziwa zimenezo. Anawapempha Che Amidu kuti atsike, ndipo inenso ndinatsika.

"Mpeni uwu mukupita nawo kuti, bambo?" anafunsa, tsopano m'Chinyanja.

"Ku Cuamba."

"Kukatani nawo?"

Che Amidu anayang'ana pansi. Kunena zoona kukanakhala kuvomera pamaso pa bambo anga kuti abwera osaitanidwa. Anakonza kofiya yawo n'kunena kuti, "Ndikukagula malimu a njinga."

"Ndi mpeni?"

Wapolisi ananena mofatsa kuti ngati palibe chifukwa chomveka, ndiye atsale kaye afotokoze bwino kwa akuluakulu ake, shapa ipitirire. Dalaivala anali atayamba kale kuliza injini. Ndinalowererapo msangamsanga, ndikufotokoza za mwambo wa kwathu, za khosi, za mbuzi ili padengayo. Ndikuganiza kuti ndinayamba kunena mutu wachiwiri wa buku langa.

"Pepani, mana," anandidula. "Mbuziyo ndi yanu?"

"Ndi ya bambo anga."

"Ndiye mwini mbuzi anene yekha ngati anamutuma munthuyu."

Tonse tinayang'ana pawindo. Bambo anali atakhala chowongoka, maso ali kutsogolo. Ndinaganiza za Che Amidu atatsala okha pamsewu ndi mkanjo wawo woyera, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti akatsala, inenso nditsala, defeza ione yokha chochita. Padenga mbuzi inalira kamodzi, mokweza.

"Tandipatsani njira, mayi," anatero bambo kwa mayi wa makapulana.

Kutsika kwake kunatenga nthawi, chifukwa mayiyo anayenera kutuluka kaye. Atafika pansi anakonza jekete, n'kuima pamaso pa wapolisi ngati akupereka umboni kutchalitchi.

"Bwana, munthu uyu ndi Amidu, mnansi wanga. Mpeni umenewo ndi umene unazinga mbuzi ya ukwati wanga. Unazinga ya ubatizo wa mwana uyu. Unazinga pamaliro a mayi anga. Chiweto chilichonse cha pakhomo panga wazinga ndi iyeyu." Anatembenukira kwa Che Amidu. "Kupatula chimodzi, chifukwa anachedwa."

"Ndinali kumaliro!" anakuwa Che Amidu.

"Maliro anatha m'mawa!"

"Ndikanasiya anamfedwa n'kuthamangira mbuzi yako? Unalephera kudikira pang'ono? Unapereka khosi langa kwa wogulitsa usipa!"

"Alendo anali ndi njala! Nanga iwe mbale ya Idi unaipititsa kuti?"

"Ndinadya ndekha, ndipo inandikoma!"

"Bodza, mkazi wako anauza mkazi wanga kuti sunadye n'komwe!"

Anali mawu awo oyamba kulankhulana chichokere Khirisimasi, ndipo anawalankhula mofuula pakati pa msewu wa ku Cuamba, anthu a m'shapa atatulutsa mitu m'mawindo. Wapolisi anayesetsa kuumitsa nkhope koma analephera. Anakulunga mpeni m'nsalu yake, anaupereka kwa kondakitala kuti ausunge kutsogolo mpaka tikafike, ndipo anati, "Kwerani, akuluakulu. Mukamalizire m'galimoto."

Anamaliziradi m'galimoto. Anakangana za Khirisimasi, za Idi, za khasu lina limene linabwerekedwa ine ndisanabadwe. Malovu awo ankadutsa pamphuno panga mpaka ndinapempha kuti tisinthane malo, ine ndikhale pawindo. Ndinalitsegula lonse. Ndinali wosangalala kwambiri moti ndinkaseka ndekha, koma ndinazindikiranso chinthu chimodzi: m'mawu onsewo bambo sananene kuti Che Amidu akazinga mbuzi, ndipo Che Amidu sanasiye nkhani ya malimu.

Cuamba imayamba kuoneka ndi mapiri ake amiyala, kenako njanji. Tinaima kudikira sitima ya katundu yaitali kwambiri moti bambo anafunsa ngati ili ndi mathero. Tinatsika pafupi ndi msika dzuwa litapendeka, pakati pa njinga zamoto zimene zimadutsa mosapempha njira. Mbuzi inatsika padenga itafooka, inakana kukweranso chilichonse, choncho tinayenda wapansi mpaka kwa Mana Fatima. Iye anatilandira ndi madzi osamba ndi mpunga wa nyemba. Che Amidu ananena kuti akagona kwa m'bale wawo, koma Fatima anawalanda chikwama n'kuwayalira mphasa pakhonde limodzi ndi bambo. Mbuzi anaimanga pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba.

M'mawa Fatima anadzuka ndi anyezi, tomato ndi mpunga wosankha kale, akudikira nyama. Anandikokera pambali.

"Mana, azinga ndani? Nthawi ikupita."

Ndinasuzumira kuseri. Bambo anali atakhala pampando mbali ina ya mtengo, mpeni wawo wakumunda, umene anabwera nawo m'thumba la jekete, uli pabondo. Che Amidu anali mbali inayo akusoka batani la mkanjo limene silinali lothothoka. Mbuzi inali pakati ikudya masamba. Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe.

"Isiyeni," ndinatero. "Tiyeni tonse ku defeza."

Chipinda chake chinali chaching'ono, cha mabenchi ndi fani imodzi yolira. Aphunzitsi atatu anakhala kutsogolo kuseri kwa tebulo lokutidwa ndi kapulana. Anzanga a m'kalasi anadzaza kumbuyo, ndipo pabenchi lomaliza panakhala jekete la kutchalitchi ndi mkanjo woyera, pakati pawo patatsala malo a munthu mmodzi. Ndinalankhula m'Chipwitikizi, ndipo pakamwa pankayenda. Mphunzitsi woyamba anandifunsa za mmene ndinasankhira anthu ofunsidwa. Wachiwiri anadandaula za mmene ndinalembera mayina a mabuku kumapeto. Wachitatu anali mayi wa magalasi amene ntchito yake tsiku limenelo inali kutsutsa, ndipo anavula magalasiwo asanalankhule.

"Mwalemba zokoma," anatero. "Mwina zokoma mopitirira. Anthu a kwanu sayambana? Wozinga ndi mwini chiweto akayambana, mwambo wanuwu umatani?"

Ndikanatha kuyankha ndi mawu a m'mabuku, ndipo ndinali nawo okonzeka. Koma ndinayang'ana benchi lomaliza.

"Aphunzitsi, pamene ndinkalemba ndinali ndisanazione. Tsopano ndaziona. Anthu awiri a m'mutu wachitatu aja ali kumbuyoko, ndipo anayambana pa Khirisimasi. Chimene ndingachitire umboni n'chakuti mmodzi ananyamula mbuzi kuchokera ku Ngauma, winayo ananyamula mpeni osaitanidwa, ndipo dzulo anakwera shapa imodzi. Mwambowu suletsa anthu kuyambana. Umangowapatsa tsiku limene ayenera kukumananso, afune asafune."

"Ndiye mbuziyo yazingidwa?"

"Ikadali pamtengo wa mango, aphunzitsi. Zotsatira ndizidziwa masana ano."

Chipinda chonse chinaseka, ndipo mayi wa magalasi analemba kanthu papepala lake akupukusa mutu. Bambo ndi Che Amidu samva Chipwitikizi chothamanga, koma anaona anthu onse atatembenuka kuwayang'ana. Mnzanga wina anawanong'oneza zimene ndinanena. Anatitulutsa panja kuti aphunzitsi akambirane, ndipo atatiitananso tonse tinaimirira. Anandipatsa 16 pa 20, ndi lamulo loti ndiwonjezere tsamba limodzi lonena za mikangano. Fatima analulutira m'chipinda momwemo ngakhale n'zoletsedwa. Ine ndinalira, sindibisa.

Tinabwerera kunyumba gulu lonse, anzanga akuimba, ena atakwera njinga zamoto atatu atatu. Titalowa kuseri, nyimbo inazilala yokha. Bambo anavula jekete n'kulipachika panthambi. Anapinda manja a malaya. Anatola mpeni wawo wakumunda pampando paja, anauyesa ndi chala, n'kuyenda kulunjika pamtengo. Fatima anandifinya dzanja. Anzanga achisilamu anayang'anana, ndipo mmodzi anayamba kuona foni yake.

Bambo anadutsa mbuzi, anafika pamene panali beseni la anyezi, n'kupereka mpeniwo kwa Fatima.

"Tenga, mwanangu. Ndi wobuntha uwu, ungathandize anyezi basi."

Kenako anagwada, anagwetsa mbuzi mwaluso, anaigwira miyendo yonse inayi, n'kutembenuka.

"Amidu! Ukuchedwanso?"

Che Amidu anali atamasula kale nsalu ija. Anabwera mosathamanga, anakankha phewa la bambo kuti mbuzi iyang'ane kumpoto, mbali imene amayang'ana popemphera, n'kunena kuti, "Gwira bwino, wakalamba iwe." Anatchula dzina la Mulungu motsitsa mawu, ndipo ntchito inatha mwamsanga, mwaukhondo, monga nthawi zonse.

Tinadya mochedwa, dzuwa litapendeka, koma tinadya tonse, m'mbale zimodzi, popanda wofunsa. Mayi wa magalasi uja anabwera nayenso atamva fungo la nkhaniyo, ndipo anapita kukaona yekha chikopa chitayanikidwa asanalandire mbale. Pogawa nyama yaiwisi, bambo anapatula khosi n'kulikulunga m'pepala. Kenako anadula mwendo wathunthu wakumbuyo n'kuuika pamwamba pake.

"Mwendowu ndi wa chiyani?" anafunsa Che Amidu.

"Wa Khirisimasi."

Che Amidu anayang'ana phukusilo kwa kanthawi. Anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo n'kunena kuti utsi wa nkhuni za ku Cuamba ndi woipa.

Zaka zinayi anandiphunzitsa kufunsa anthu mafunso ndi kulemba mayankho awo. Pa ulendo uwu ndinaona kuti zina munthu sangakuuze ngakhale umufunse bwanji, umangoyenera kuona chimene wanyamula m'chikwama. Tsamba lowonjezera lija ndinalilemba sabata yomweyo, ndipo ndi limene ndimalikonda m'buku lonse.

Tinabwerera tsiku lotsatira pa shapa yam'mawa, ine pawindo, awiriwo akukangana za mtengo wa feteleza. Titatsika ku Mandimba, bambo anaima pakhomo pa sitolo ya njinga ija.

"Amidu, malimu aja a ku Cuamba ali kuti?"

"Ndinawaona," anatero Che Amidu, akukumbatira phukusi lawo la nyama. "Nawonso ndi ofewa."

Kumudzi tinapeza mayi ndi akazi a Che Amidu atakhala pamkeka umodzi akusenda chinangwa. Sanafunse za digiri poyamba. Anayang'ana amuna awo akubwera limodzi panjira, anayang'anana, ndipo mayi anati, "Ndinakuuzani kuti tingowakweza galimoto imodzi."